Kuswa Mbale ku Barking

Lolemba, 10 Juni

Ukwati wa mdzukulu wanga Melissa ndi Loweruka lino. Lero afika makolo a mwamuna wake, Jonas, kuchokera ku Jeremani. Abambowo ndi a Detlef, aatali, andevu zoyera. Abwera pa galimoto. Kumbuyo kwake anyamula mbale zakale, makapu, ndi chimbudzi. Chimbudzi chokhalira, choyera. Ndinayang'anitsitsa. Mwina kwawo anamva kuti kwathu kuno ku Barking kulibe. Sindinafunse, anali atatopa.

Lachiwiri, 11 Juni

A Detlef atifotokozera za mudzi wawo, Melissa akumasulira. Dzina la mudziwo landikanika. Tchalitchi chimodzi, nkhumba zambiri kuposa anthu, basi imabwera m'mawa mokha. Sukulu inatsekedwa ana atachepa. Chimbudzi chija ndi cha kusukuluko, anachisunga m'khola kudikira ukwati wa Jonas.

Nkhani yake ndi iyi. Kwawoko ukwati usanachitike, anthu amasonkhana pakhomo n'kuswa mbale, akwatiwo n'kusesa limodzi. Akuti ngakhale nthawi ya nkhondo, mbale zitasowa, ankaswa miphika ya maluwa. Ndipo m'mudzi mwawo woyamba kuswa ndi wamkulu wa kuchikazi. Akapanda kuswa, ndiye kuti mkwatibwi sanamupereke.

Onse anatembenukira kwa ine.

Lachitatu, 12 Juni

Ine ndinakalambira m'khitchini mwa azungu ku Zomba. Mnzanga Biswick anachotsedwa ntchito chifukwa cha sosa imodzi, ine ndikuona. Ineyo sindinaswepo ngakhale kapu. Mbale imagwiridwa ndi manja awiri.

Ndauza mwana wanga Peggy, mayi wake wa Melissa, kuti zimenezi ayi. Iye akuthamangira shifiti kuchipatala ku Romford, wangoti, "Adadi, it's just a plate. Musatichititse manyazi."

Melissa chakudya wasiya. Amayi ake a Jonas akhala m'galimoto nthawi yaitali, akuimba foni kwawo.

Lachinayi, 13 Juni

Ndinakayesera kuseri kwa mabini ndi sosa yong'aluka kale. Ndinakweza dzanja bwinobwino. Pozindikira ndayiika pansi, chagada, osalira n'komwe. A Oswald, neba wa ku Lusaka, anasuzumira pampanda. "Amdala, mupatsa mkaka pusi wa ndani?" Ndati mphakayo ndi wa ine mwini.

Lachisanu, 14 Juni

Zachitika madzulo ano, dzuwa likadalipo, pa simenti ya kuseri kwa nyumba. Anthu ambiri ndithu, a kutchalitchi, anzake a Peggy a kuchipatala. A Detlef anavala chipewa chokhala ndi nthenga. Anandipatsa mbale yamaluwa abuluu, ya malemu amayi awo. Mbale yabwino. Ndinayamba ndaipukuta ndi malaya.

Ndinaponya. Koma dzanja linaponya mwaulemu. Mbale inatera cham'mbali, n'kugubuduzika, kudutsa pakati pa miyendo ya abusa, mpaka pampanda wa a Oswald. Yathunthu.

Amayi ake a Jonas anagwira pakamwa. A Detlef anavula chipewa, akuti m'mbiri yonse ya mudzi wawo izi sizinalembedwepo, sakudziwa tanthauzo lake.

Melissa anakaitola yekha. Mwana amene uja amandiyankha m'Chingerezi masiku onse, koma lero anandipatsa ndi manja awiri n'kunena motsitsa, "Agogo, chonde. Palibe akuchotseni ntchito."

Ndinatsinzina. Ndinaimenyetsa pansi.

Phwaa.

Ndinadikira kuti wina akalipe. Anthu anaomba m'manja, Melissa akulira n'kuseka, Jonas atagwira kale tsache. Kenako aliyense anayamba kuponya zake.

Ndinapempha ina. Kenako kapu. Kenako tipoti. Tipoti imalira bwino kuposa zonse. Chimbudzi cha kusukulu a Detlef anati chifunika amuna anayi, ine ndinabwereka hamala kwa a Oswald.

Mbale za ku Jeremani zitatha ndinalowa m'nyumba kukamwa madzi. Madzi okha. Peggy ananditsatira, wakiya kabati ya m'khitchini, kiyi waika m'thumba la yunifomu.