Layini ya Shopu Yopanda Shuga

4 Juni 1988, Matero

Layini ya shuga kuyambira m'mawa. Tinaika miyala kusunga malo, ise pa mthunzi. Ba Mukupa, aja anali kuliza gitala ku hotela asanawachotse ntchito, anafunsa ngati n'koyenera kuvina nyimbo yokamba za njala. Mkangano mpaka masana. Shuga sinabwere, koma ninabwerera kunyumba mtima uli mbee. Tagwirizana: Chiwelu chilichonse, funso limodzi, aliyense akambe, kulibe kulipira.

18 Juni

Lero za mabuku. Norah wa pasaluni ati amene tinawerenga ku sukulu onse ni a kumudzi, ngati mu komboni simukhala anthu. Anakamba zoona. Ine ninayankha mokalipa chabe chifukwa sinikonda kugonja.

Vitumbuwa vanga sivinayende pamsika. Saladi, mafuta okazingira, yadulanso.

25 Juni

Ba Blackson, cheyamani wa pamsika, abwera pa tebulo yanga. Ati msonkhano wopanda chilolezo ni mlandu, ati nikapitiriza malo anga apatsa wina. Munthu amadya vitumbuwa vanga mahala chaka chonse, alibe na nsoni.

Naopa, sininganame. Tebulo ija ndiye imadyetsa ana.

2 Julayi

Nzeru yabwera nikukanda fulawa. Layini siifuna chilolezo. Basi tinaima mu layini pa shopu, mmodzi kumbuyo kwa mnzake, mabasiketi m'manja. Funso likuyenda kuchoka kutsogolo mpaka kumbuyo: pompi ya mu komboni ni ya ndani, ndipo ikafa akonze ndani? Ba Blackson anapita kawiri, kutiyang'ana chabe. Anene chiyani? Mu shopu munali machesi na tiyi.

16 Julayi

Sininaganize bwino. Anthu anaona layini, mbiri inathamanga kuti shuga yafika. Azimayi kuchoka ku komboni ya George, ena ku Chaisa, ana kumsana, thukuta. Layini mpaka ku msewu. Anayamba kukankha chitseko, wa mu shopu kulira mkati.

Ba Mukupa ati tithawe. Kuthawa bwanji, anthu tawaitana ndife? Ninakwera pa kreti. Ninawauza kuti shuga kulibe, ise timaima pano kukambirana, lero funso ni lakuti chifukwa chiyani timaima m'malayini. Mayi wina ananitukwana mpaka amayi anga kumanda. Anali na chifukwa, anayenda mtunda. Ambiri anapita. Otsala anakamba mpaka dzuwa kupendeka, mayi wonitukwana uja ndiye anakamba kuposa onse.

Ba Blackson anali pa njinga yawo, anamva vonse.

18 Julayi

Pa tebulo yanga pali mlamu wa Ba Blackson, agulitsa tomato. Ninalira kuseri kwa chimbudzi, pang'ono chabe. Manje nigulitsa pa beseni, pa siteshoni ya basi, maso ku makansulu othamangitsa ogulitsa.

Norah wafunsa ngati tasiya. Nati auze onse abwere na mabasiketi. Chiwelu tikaima pa butchala, nakonso kulibe nyama.