Matikiti a Mabelo

Lamlungu, 15 Febuluwale 1959

Ndadziputira ndekha. Ku bungwe lathu la mtsutso lero anafuna wolengeza misonkhano, poti Filipe anapita kukakumba miyala ya kromu ku migodi ya ku Mutorashanga. Onse maso pansi. A Lemani, aphunzitsi a pano pa pulazi, amenenso ndi wapampando wathu, anati, "Kapena a Laxon, amene miyezi isanu ndi iwiri sitinamve mawu awo?" Anthu anaseka akundiyang'ana. Mkono wanga unakwera wokha.

Chibwibwi changachi ndicho chimandikhazika pansi. Koma kulengeza n'kulemba zikalata basi, ndipo pa komboni yonse palibe wondiposa kulemba. Mutu wa pa 1 Malichi: "Chitaganya chapindulitsa munthu wakuda." Chitaganyacho ndi boma lija limene azungu analumikizira dziko lino ndi kwathu. Tiitane a mapulazi oyandikana.

Lachitatu, 18 Febuluwale

Mapepala kulibe. A Lemani akuti makope ndi a ana. Ku shedi yosankhira fodya, kumene ndine kalaliki, kuli matikiti otsala chaka chatha, aja timasokerera pa mabelo. Ngolimba, mvula siwaboola. Ndapempha a Tickey, mkulu wosunga kiyi wa shedi, anditsegulire kabati. Sadziwa kuwerenga, anangoti, "Tengani, mwanangu, chiswe chingadye."

Ndalemba chilengezo kumbuyo kwa matikiti khumi ndi awiri. Atuluka bwino, ndinene ndekha.

Loweruka, 21 Febuluwale

Simao wa lole wawamwaza m'mapulazi. Limodzi lakhomedwa pakhomo pa telala wa ku Glendale, Che Saidi. Mkazi wanga Keziya akuti ndikuyenda ngati tambala.

Lachinayi, 26 Febuluwale

Wailesi ya ku sitolo: boma laletsa chipani cha Kongiresi, anthu mazana agwidwa m'mawa uno, a kwathu ku Nyasaland ali momwemo. Ife si a Kongiresi. Timangotsutsana mphindi zitatuzitatu, wina n'kumenya khasu ndi msomali kuti nthawi yatha. Koma mutu uja!

A Lemani andikoka kuseri kwa sukulu. "Dzina langa mulibemo, eti?" Mulibe, ndatero. Langa lomwe mulibe. Apuma ngati atula thumba la chimanga.

Lachisanu, 27 Febuluwale

Ndikusokerera tikiti pa belo masana ano, ndinalitembenuza. Kumaso kwa tikiti lililonse kuli nambala ya pulazi yathu, yodindidwa ndi inki yakuda. Chaka ndi chaka ndimaiona, ndiye maso anasiya kuiona. Ntchito ya nambalayo n'kuuza aliyense ku msika wa fodya ku Salisbury kumene belo lachokera.

Ndauza Keziya. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangoti, "Bambo a Agnesi, mimba iyi yatsala miyezi iwiri. Akakulembani pa chitupa cha ntchito kuti mwachotsedwa, nyumba ino tituluka tsiku lomwelo. Ndikachirira kuti?"

Loweruka, 28 Febuluwale

Ndabwereka njinga, ndazungulira mapulazi onse. Khumi ndi limodzi ndawapeza, ndawaponya m'ng'anjo ya balani, nyumba youmitsiramo fodya. La khumi ndi chiwiri, la pakhomo pa telala lija, palibe. Che Saidi sanaimitse n'komwe makina. "Mapurisa achotsa dzulo, achimwene. Anandifunsa wolemba, ine ndati ndimadziwa ulusi basi. Koma analitembenuza."

Lamlungu, 1 Malichi

Msonkhano kunalibe. Sadza, nsima ya kunoyi, yandikanika.

Lolemba, 2 Malichi

Bwana, mwini pulazi, waitana a Tickey ku ofesi. Abwerako akupukuta chipewa chosada. Akuti afunsidwa za kabati, iwo ayankha kuti kiyi sachoka m'chiuno mwawo. Za ine sananene. Anandidutsa pa shedi n'kundipatsa moni ngati masiku onse, ndipo moniyo wandiwawa koposa mbama.

Ndapita kwa a Lemani kuti tikafotokoze limodzi kuti bungweli ndi lophunzirira kulankhula. Munthu amene amaima mphindi khumi khasu likulira, lero anali ndi mawu ochepa. "Wolengeza ndinu. Munakweza mkono nokha." Zoona ndithu. Koma ndakwiya.

Ndikangokhala chete zitha, koma zithera pa a Tickey. Bwana sandiganizira, amati ndine mbuli yofatsa. A Tickey agwira pano zaka makumi awiri ndi ziwiri, kwawo ku Dedza kulibe wowadziwa. Ndawerenga chiganizo chomalizachi katatu.

Lachiwiri, 3 Malichi

Simbi ya m'mawa, chitsulo chija choitanira anthu ku ntchito, italira tinapeza Land Rover pabwalo. Tonse pamzere, ngati poitana mayina. Wapolisi wachizungu anakweza tikiti lija m'mwamba, foromani, kapitawo wathu, akumasulira: wosunga kiyi ndiye ayankhe, akwere galimoto. A Tickey anamasula kiyi m'chiuno, napereka kwa bwana ndi manja awiri. Anayamba kuyenda.

Sindikumbuka kutuluka pamzere. Ndinangopezeka ndili pakati, ndipo pakamwa panatuluka mawu amene timayamba nawo ku bungwe: "Wapampando, ndi inu nonse." Wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Ndinati matikiti ndinatenga ndine, dzanjalo ndi langa, a Tickey sadziwa ndi A yemwe. Ndinati Chitaganya anatiuza kuti n'chathu, ndiye tinafuna kufunsana ngati chatipindulira, ena avomere ena akane, monga tinachitira potsutsana ngati njinga iposa ng'ombe. Chibwibwi chinandigwira pa "Chitaganya", ndinakakamira pomwepo mpaka liwulo linatuluka. Palibe anamenya khasu.

Wapolisi walemba zonse, wanditengera chitupa, akuti ndikaonekere ku kampu ya apolisi Lachisanu. Bwana sanandiyang'ane. Wangouza foromani kuti shedi ipeze kalaliki wina, nyumba ndichoke pofika Loweruka. Kiyi wabwezera a Tickey.

Keziya akumanga mapoto m'chitenje. A Tickey abwera masana ndi chingwe chomangira mabelo, akhala pansi, akumuthandiza kumanga mtolo wa mabulangete. A Lemani adutsa pa njira kawiri osakhota.