Ulaliki wa Abusa Wafupika, Mpingo Ukukondwa

Aphungu,

Ndine mayi busa. Amuna anga kale ankalalikira mpaka ana kugona, kudzuka, n'kugonanso. Masiku ano akangoti "mfundo yachiwiri" amayamba kupondaponda, n'kuitana kwaya, iwo ulendo wa kuchimbudzi. Akafikako, mkodzo wake ndi wamadontho.

Tchalitchi chadzaza. Anthu akuti abusa alandira mphatso yatsopano.

Nditatchula za kuchipatala, akulu ampingo anabwera ndi botolo la makapisozi azitsamba, lojambulidwa nkhalamba yamano onse ikuseka. Mkulu wina, yemwe timamutcha Amen chifukwa amavomera pemphero lisanathe, anati, "Amayi, izi n'zachilengedwe. Kuchipatala akawapima ndi chala, malo osayenera mtumiki wa Mulungu." Abusa atamva za chala anameza awiri pomwepo.

Mabotolo adzaza pawindo, kusintha palibe, koma likatha akuluwo amabweretsa lina osapemphedwa. Ndikuopa kuti matendawa akukula. Komanso, ndisaname, Lamulungu tikumadya masana dzuwa lili pamutu. Nditani?

E.K., kuseri kwa tchalitchi

Mayi busa,

Mpingo wanu wapeza wotchi, ndipo wotchiyo ndi chikhodzodzo cha amuna anu. A Amen sakuwachiritsa abusa, akungosamalira wotchi.

Zikumveka ngati pulositeti, kachiwalo ka amuna kokhala pansi pa chikhodzodzo. Munthu akamakula nako kamakula, n'kufinya njira ya mkodzo. Nthawi zambiri si koopsa ndipo chithandizo chilipo, koma khansa ndi shuga nazonso zimatha kubwera ndi zizindikiro zofanana nazo. Nkhalamba ya pabotolo ija singasiyanitse. Ena amati makapisoziwa amawapepuza, koma pawindo panu umboni ulipo kale.

Lolemba avekeni jekete mupite nawo kwa dokotala. Mabotolowo muwatenge onse, dokotala aone zomwe akhala akumeza, chifukwa zitsamba zina sizigwirizana ndi mankhwala ena. Za chalazo auzeni kuti n'zachidule kuposa moni wa alendo m'tchalitchi, ndipo pali kuyezanso magazi ndi mkodzo.

Chenjerani: mkodzo ukatsekeka, mumkodzomo mukaoneka magazi kapena thupi likatentha, musadikire Lolemba, thamangani tsiku lomwelo.

Akachira ulaliki udzatalikanso, inde. Akulu ampingo asonkhe agule wotchi yeniyeni, aipachike moyang'anana ndi guwa. Inu khalani pabenchi yakutsogolo, ikakwana nthawi muzitsokomola. Kuli bwino kudya mochedwa ndi amuna anu kusiyana n'kudya pa nthawi yake muli nokha.

Aphungu