Pamwala wa Bambo Dzina Lanu Palibe

Leshan, 9 Epulo 2024

Okondedwa achimwene Dekang,

Ndikhulupirira munafika bwino ku Canada ndi alamu anga a Wanling, ndipo miyendo yapola, poti munaiyendetsa kwambiri muno m'dziko mwathu. Kuno mvula yayamba kuwaza, bondo la amayi lavutanso, koma zimenezo sizikukhudzani. Ndalemba kuti mumve kwa ine, musanamve kwa anthu: bambo tawaika m'manda.

Chiutenthereni mtembo wawo, mtsuko wa phulusa lawo wakhala pashelefu kukachisi zaka ziwiri, kudikira inu. Amalume ankandiuza kuti ndisaukhudze, wonyamula bambo kupita nawo kumanda ndi mwana wamwamuna woyamba. Inu pafoni nyimbo inali imodzi: ntchito, tchuthi kulibe, ndege yadula. Ine wopusa ndinkakuikirani kumbuyo.

Ndiye mwezi watha ndili pamalo anga padoko, ndikugulitsa phala la soya la tsabola kwa alendo otsika m'boti lokaonera Buda wamkulu wa m'thanthwe, ndinaona bambo wina wonenepa atavala chipewa cha makutu a panda, chimbalangondo chathu chija cha mawanga oyera ndi akuda. Ndinaseka. Nditayang'anitsitsa, kuseka kunatha. Munali inu, achimwene, mkulu wazaka makumi asanu, makutu ali njo.

Mukukumbukira zimene munanena? Ine ndikukumbukira.

"Suhua! Aa, ukadali pompano? Tamvera, tili pagulu, basi ikutisiya. Usakawauze amayi, wamva?"

Alamu anga nawo, mphuno atatseka ndi kansalu, akuti, "Tikanabwera, mlamu, koma mawa tikwera phiri la Emei kukapempha madalitso, malo tinalipira kale."

Madalitso! Kuchokera padokopo kufika pakhomo pa amayi ndi ulendo woti tiyi sangazizire. Munali ndi nthawi yoima padzuwa ku Chengdu kuonerera chimbalangondo chikutafuna nsungwi chagada, munali ndi nthawi yogwada pa kachisi aliyense ndi lubani m'manja, koma yogwadira bambo anu okubalani inasowa. Ndinapsa mtima mpaka phala ndinatayira kasitomala pansapato.

Amayi sindinawauze, osati chifukwa cha inu ayi, ndinkawamvera chisoni. Anawauza ndi azakhali a Gou, aja a pakamwa posatseka, kunyumba ya tiyi pakati pa masewera. Anawatambasulira foni pamaso, kuwaonetsa kanema wanu wa pa intaneti.

"Mayi a Dekang, uyu si wanu uyu? Taonani makutuwo! Koma ndiye mwabereka panda, osatiuza bwanji?"

Tebulo lonse linafa nacho chiseko. Amayi anaonera kanemayo mpaka kumapeto, inu mukugwedeza dzanja kutsogolo kwa phazi la Buda. Kenaka anati, "Abwera mawa ameneyo. Akufuna kundidzidzimutsa."

Anakagula bakha, namuphika wa khungu lotsekemera momwe mumakondera. Anayala bedi lanu. Bakhayo anatenthetsedwa, natenthetsedwanso, mpaka ndinakamutaya ndekha atayamba fungo. Pamenepo n'kuti alamu anga ataika kale zithunzi za pabwalo la ndege, akutsanzika dziko lokongola.

Kutatsala pang'ono tsiku losesa kumanda, amayi anandiitana. "Suhua, kasambe m'manja. Ukanyamula bambo ako ndiwe."

Amalume analumpha. "Mkazi? Mlongo, mwana wamwamuna ali moyo, anthu atiseka!"

"Atiseka kale," anatero amayi. "Iwe ugwire ambulera, utseke pakamwa."

Choncho ndinawanyamula, achimwene. Mtsuko unali wopepuka kuposa mphika wanga wa phala, koma pokwera phiri manja anachita dzanzi. Amalume anagwira ambulera yakuda kuti dzuwa lisawaombe bambo, akung'ung'udza njira yonse. Pamlatho uliwonse ndinkawauza kuti, "Bambo, tikuwoloka, musatsale," mawu amene anayenera kutuluka pakamwa panu.

Wosema mwala atafunsa maina a ana oika bambo awo, amayi anatchula langa. Iye anadikira, chitsulo chili m'manja. "Basi? Ndimayesa pali mnyamata." Amayi anati, "Lembani amene wabwera." Adzukulu akadzawerenga mwalawo adzapeza kuti bambo athu a Pu anabereka mwana mmodzi, wamkazi, wogulitsa phala padoko. Musaganize kuti ndinakuchondererani. Ndinaima pomwepo mpaka chilembo chomaliza, ndipo mtima wanga unakhala pansi.

Pempho langa ndi limodzi. Musatumize maluwa kapena mankhwala a bondo, ndipo musaimbe foni yolira. Mukadzafunanso kuona panda, dzaoneni, koma boti mukakwerere doko lina.

Moni wanga ndausunga. Amene akupereka moni ndi amayi, ndipo andikakamiza kuti ndilembe momwe anenera. Kanema uja azakhali a Gou anawatumizira, amaonera tsiku lililonse. Akuti chakumapeto kwake mukumveka mukutsokomola, ndiye muzivala mpango m'khosi, kwanuko kumazizira.

Ndine amene ndinanyamula bambo,
Suhua