Madzi a mchere ndi shuga a Tiya

Lachiwiri, 14 Febuluwale

Tiya wanga akutsegula m'mimba chiyambire m'mawa. Madzi okhaokha, otuwa ngati otsukira mpunga. Dzina la matendawa ndikulidziwa, koma sindilemba. Kusukulu sindinapite, ana a Fomu 3 adziwerengera okha. Bambo ake ali ku Boma, anakagula mapulasitiki a chigafa, fodya akunyowa. Mtsinje wadzaza, mlatho wamira. Iwo ali kutsidya, chipatala nachonso kutsidya.

Lachitatu, 15

Thanzi, mankhwala a m'paketi obwezera madzi m'thupi aja, watha kugolosale ya a Yassin. Anamwino andiuza pafoni kuti ndisakanize ndekha: madzi owiritsa, shuga, kamchere pang'ono. Miyezo ndalemba pakhoma ndi khala.

Apongozi andilanda kapu. "Shuga kwa mwana wotsegula m'mimba? Mukufuna mundiphere mdzukulu?" Akuti mchere wokha ndi mizu yawo.

Ndawafotokozera nditagwada. Ndati amayi, pakhungu la maselo a m'matumbo pali mapuloteni. Mapuloteniwo amayasamira kunja. Mchere ukalowamo amasintha kapindikidwe kake, shuga n'kupeza pokhala. Akalowa onse awiri m'pamene amatseka kunjako, n'kutsegukira mkati, n'kulavulira zonse m'selo. Madzi amatsatira pambuyo. Popanda shuga, mcherewo ungodutsa.

Chaka chilichonse ndimajambula zimenezi pabolodi, osanjenjemera. Lero mawu amathawa.

"Munaziona ndi maso anu?"

"Ayi, amayi."

Kapu aiika pansi, osandipatsa m'manja. Atuluka.

Lachinayi, 16

Tiya wasanza zonse.

Masana. Maso alowa mkati. Ndikatsina khungu lapamimba likuchedwa kubwerera. Akulira popanda misozi. Bambo ake aimba, akuti awoloka chosambira. Ndawakalipira kuti maliro awiri sindingathe. Ndadula foni, kenako ndadzimvera chisoni.

Ndikumupatsa ndi supuni tsopano, pang'onopang'ono. Supuni iliyonse ndikupemphera kwa Mulungu, ndiponso, Ambuye andikhululukire, ndikunyengerera timapuloteni tija: tembenukani, chonde tembenukani. Nanga ngati ndalakwitsa muyezo? Nanga ngati apongozi akunena zoona?

Madzulo apongozi alowa, akhala pamkeka, amunyamula Tiya mutu kuti ndimwetse bwino. Mizu ija ili m'thumba mwawo, ndaiona. Sanaitulutse.

Lachisanu, 17

Mvula yadukiza. Akuti mawa thirakitala iyesa kuwolotsa odwala, tipita basi.

Manja anga anatopa, supuni anaitenga ndi apongozi, Tiya ali pamiyendo pawo. Ndinangotsamira khoma. Kenako ndamva akukuwa, "Amake Tiya! Tabwerani!" Ndadzambatuka.

Chitenje chawo chanyowa, kuyambira pantchafu mpaka m'maondo. Mkodzo wa Tiya. Woyamba chidwalireni. Madzi ayamba kukhala m'thupi.

Sanadzuke kukasintha. Angoti, "Pitani mukatereke madzi ena. Shuga akatha, kwanga aliko."