Mizere Iwiri ya Lukundo

Lolemba, 19 Meyi

Andisankha ine! Aphunzitsi a sayansi, a Hillary, ati: "Lukundo, Lachisanu la mulungu wamawa ukatiimire pa mpikisano ku boma." Mutu ndasankha ndekha, chifukwa cha chithunzi chomwe anandionetsa pa foni. Mizere iwiri ikuyambira pamalo popanda kanthu, wina kupindikira kumanja, wina kumanzere. Akuti kuwala kwamphamvu kwa gama kukadutsa pafupi ndi phata la atomu, monga mu mtovu, kumatha kuzimiririka, m'malo mwake n'kubadwa tinthu tiwiri, elekitironi ndi pozitironi. Maginito ndiye amatipatutsa. Kuwala kusanduka chinthu cholemera. Ndabwerera njira yonse ya ku Chikomeni ndikuyankhula ndekha.

Lachitatu, 21 Meyi

Adada akana zoti ndipite. Fodya wachuluka m'chigafa, osankha ndife atatu basi.

Lachinayi, 22 Meyi

Ndikuyeserera kufotokoza, a Hillary andidula pakati. Ati ndangoloweza Chingelezi ngati nyimbo. "Kafotokozere wa kunyumba. Akamva, wadziwa."

Loweruka, 24 Meyi

Tikusankha fodya ndinayamba kuwauza amama, koma mokweza dala. Ndinajambula mizere ija pansi ndi kamtengo. Adada anali akumanga mitolo. Kenako, osatembenuka: "Ngati kuwalako kuli ndi mphamvu zokwana, phatalo n'lachiyani? Kusanduke kokha."

Ndinati ndikafunsa kusukulu. Manyazi. Koma ndiye kuti amamvetsera!

Lolemba, 26 Meyi

Ndafunsa a Hillary, ndamva. Kuwala kumabwera ndi mkankho wake, ndipo tinthu tiwirito sitingautenge wonse patokha. Pamafunika cholemera pafupi cholandira wotsalawo. Nditawauza adada anaganiza pang'ono. "Ngati mfuti. Chipolopolo chikatuluka, phewa limamva." Si ndendende, koma ndachilemba pa tchati changa cha mpikisano. Za ulendo sananenepo kanthu.

Lachinayi, 29 Meyi

Tchati chatha. Nsapato ndapukuta, kaya chifukwa chiyani.

Lachisanu, 30 Meyi

M'mawa ndapeza adada akupopa njinga, atavala jekete la kutchalitchi. A Brenda, mlongo wawo, ali kale m'chigafa pamalo panga.

Adada ati: "Ndikufikitsa kusukulu, galimoto ingakusiye. Kodi ku bomako makolo amaloledwa kulowa?"

Ndati sindikudziwa. Ati tikafunsa komweko.

Yewo, adada. Ndikulemba izi tili kumbuyo kwa galimoto ija, kanta, tchati chili pamiyendo pawo.