Nkhunda zadya bwalo lathu

Lolemba, 11 Meyi

Chakudza sichiimba ng'oma. Tinafika kuholo monga mwa masiku onse, nsapato m'manja, n'kupeza kochi Stephanie atangokhala pabenchi, mpira palibe. Akuti timu yawo yaikulu ija, Thames Kestrels, ikusamukira ku Hull. Eni ake apeza malo abwino kumeneko, ndipo holo ino ya ku Woolwich aigumula n'kumangapo mafulati. Kochi Stephanie nawonso akupita nayo timuyo, ndi ntchito yawo.

Nanga ife? Sukulu yathu ilibe bwalo la mpira wamanja, lomwe linalipo anamangapo makalasi kalekale. Timangobwereka holo ya Kestrels, ndi kochi yemwe. A Killian, aphunzitsi athu a zamasewera, sanabise mawu. Pofika Lachisanu la sabata yamawa tikhale titapeza malo osewerera komanso munthu wamkulu wotiyang'anira, apo ayi ahedi atichotsa mu ligi ya masukulu.

Sindinalire pagulu. Ndinalirira m'basi.

Lachiwiri, 12 Meyi

M'kalasi sindinayankhule ndi munthu. Zachilendo palibe.

Lachitatu, 13 Meyi

Atsikana akuno kufooka msanga! Chelsea, amene amatimwetsera zigoli, akuti basi ayamba zovina. Ena akuti bola, azipuma Lolemba.

Iwo sangamvetse. Chibwerereni kuchokera ku Chilomoni chaka chatha, ndikatsegula pakamwa m'kalasi aliyense amati ndibwereze, ndibwerezenso, mpaka ndinangosiya. Koma pabwalo ndimasewera pakati. Ndikakuwa amamva, ndikaloza amathamanga. Ndi malo okhawo mu London muno amene ndimakhala Sekani weniweni. Timuyi ikatha ndibwerera kukhala mtsikana wa pakona uja wosayankhula, ndipo ndikuopa.

Ndinayesa kuwauza amayi. Anali atangofika kuchokera kuchipatala, mapazi m'beseni. Akuti, "Tinabwerera sukulu kuno, osati ntchemberembaye. Homuweki wamaliza?"

Lachisanu, 15 Meyi

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Kwathu ndani anadikirapo holo? Timasesa pansi, kuthira mizere ya phulusa, kuzika mitengo iwiri ya bulugamu, mpira wayamba. Kupaki ya kuseri kwa fulati yathu kuli malo ouma opanda udzu, okwanira ndithu.

Kochi Stephanie avomera kutipatsa mapolo awiri akale amene amafuna kutaya. Anjimile akuti andithandiza. Iyeyu ndi wa timu yathu, anabadwira konkuno, agogo ake anathawa ndale kumudzi kalekale. Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi. Atsikana ndawauza kuti mawa masana abwere adzaone bwalo latsopano.

Vuto ndi phulusa. Nyumba yonse ndi ya magetsi, mbaula palibe, ngakhale machesi sitisunga. Koma m'kabati muli thumba la ufa woyera limene amayi anagula kumsika sabata yatha. Zoyera ndi zoyera.

Loweruka, 16 Meyi

Ndikanakonda nthaka ikanangondimeza.

Tinayamba bwinobwino. Mapolo tinakoka ine ndi Anjimile kuchokera kuholo, anthu m'njira kumangotiyang'ana. Ufa ndinathira m'botolo loboola, mizere n'kutuluka yowongoka, yokongola, kuposa ya ku Chilomoni. Tinapita kusiteji ya basi kukachingamira anzathu, ine chifuwa patsogolo.

Pobwera, mayo ine! Nkhunda. Sindikudziwa anaziitana ndani, koma zinali za Woolwich yense, ndi alamu awo omwe. Zili ndandanda pamzere, mitu pansi, zikudya bwalo langa. Ndinazithamangira ndikukuwa m'Chichewa, "Chokani! Mbava inu! Opanda manyazi!" Ndikaingitsa uku zikutera uko. Chelsea anaseka mpaka kukhala pansi, foni ili m'mwamba akujambula.

Ndi mkwiyo womwewo ndinawalamula kuti aike zikwama m'makona tisewere basi. Tinasewera pang'ono, ine ndikukalipira aliyense, mpaka kunayamba kuwaza mvula n'kumalizitsa zimene nkhunda zinasiya. Pochoka Chelsea anati, "Zinali zosangalatsa, Sekani, koma a Killian sangavomere zimenezi." Chondiwawa n'chakuti akunena zoona.

Thumba lopanda kanthu ndalibisa kunsi kwa bedi.

Lamulungu, 17 Meyi

M'mawa amayi amafuna kuphika phala. "Sekani, ufa wanga uli kuti?" Ndinanena zoona, bodza likanachokera kuti. Sanakuwe, ndipo ndi zimene zimandiopsa kwambiri. Tinakwera basi kupita kutchalitchi.

Titaweruka, pa tiyi, ndinapeza nkhani yafika kale. Chelsea anatumizira Anjimile kanema uja, Anjimile n'kuonetsa bambo ake a Rowland, amene ndi mkulu wa mpingo, iwo n'kuonetsa aliyense. Azimayi anaunjikana pafoni imodzi, kuseka mpaka misozi. Anti Laura, namwino wa ku Edmonton, akuti, "Mwana iwe, ufa? Phulusa amayamba walisefa kaye!" Wina akuti ayi, sasefa, amangothira madzi. Mkangano unabuka pomwepo. Kenako uyu akuti ankamwetsa zigoli kusekondale, uyo akuti ankatchinga moti palibe ankadutsa, wina mpaka kuvula nsapato kuonetsa mmene ankadumphira. Kani tchalitchi chonsechi ndi timu!

A Rowland anati malo oimikapo magalimoto kuseri kwa tchalitchi amangokhala mkati mwa sabata, ndipo ndi osalala. Koma nditafunsa za wotiyang'anira, aliyense anayamba za mashifiti. Uyu ali pa naiti, uyo sadziwa ofu yake. Phokoso lonse lija linathera m'makapu a tiyi.

Amayi okha sanaseke. Anatenga foni ya a Rowland n'kuonera kanemayo kawiri, ali chiimire pakona.

Lolemba, 18 Meyi

Tsiku lomaliza kuholo. Ajambula kale zikwangwani za mafulati pakhomo. Kochi Stephanie anandikumbatira n'kundipatsa wezulo wawo, akuti ndipatse amene adzatiphunzitse. Ndinangolandira. Ndipatsa ndani, nkhunda?

Lachiwiri, 19 Meyi

Ndikutsuka mbale, amayi anabwera n'kuima pambali panga. Ndimayesa ndi za ufa.

Akuti, "Mu kanema muja ndiwe amene umakuwa chonchija?"

Ndinati eya, pepani.

"Chibwerereni kuno sindinakumvepo ukukuwa. Ndimangoti mwana wanga wakula, wafatsa." Kenako anafunsa kuti a Killian akufuna chiyani kwenikweni. Ndinafotokoza. Akuti azimayi akutchalitchi aja ambiri ndi anamwino, ali nazo kale zilolezo zogwira ntchito ndi ana, vuto ndi nthawi basi. Analowa kuchipinda ndi foni. Ndinamva akuti, "Laura, usandiuze za shifiti. Tonse tili ndi mashifiti. Tizisinthana."

Mbale imodzi ndinaitsuka katatu.

Lachitatu, 20 Meyi

A Killian avomera kubwera mawa kudzaona malo. Akuti akapeza bwalo, munthu wamkulu ndi timu yokwanira, akalankhula ndi ahedi. Timu yokwanira ndiye nkhani. Chelsea akuti mawa ali ndi zovina, aona. Popanda iye ena atatu sabwera, amamutsatira ngati anapiye.

Ndinamuuza pamaso pa anthu, m'kalasi momwemo, mokweza, kuti timu ikumufuna ndipo inenso ndikumufuna. Kalasi yonse inatembenuka. Palibe anati ndibwereze.

Lachinayi, 21 Meyi



Titaweruka ndinathamangira kutchalitchi ndi Anjimile. A Rowland anali ataimika kale mapolo aja. Ndinali ndi choko m'thumba, koma sindinachitulutse, chifukwa pageti panatulukira amayi, yunifolomu ya kuchipatala ili m'thupi, atanyamula ndowa. Kumbuyo kwawo anti Laura ndi ndowa ina. Phulusa! Akuti anakapempha kwa bambo wootcha nyama pamakala kumsika kuja, ndipo bamboyo anawafunsa kawiri ngati ali bwinobwino.

Amayi analithira madzi, kulitakasa ndi kamtengo, n'kuwerama. Sanayeze ndi chingwe, anangoyenda chobwerera m'mbuyo, mzere ukutuluka wowongoka kuposa wanga uja. A Killian anafika ali pakati pa ntchito, n'kuima manja m'thumba.

Kenako zinabwera. Nkhunda zitatu, zinayi, mwina zomwe zija. Zinatera pamzere, imodzi n'kujompha. Inapukusa mutu, kujomphanso, n'kuuluka, zinzake pambuyo. Anti Laura anaimba nthungululu mpaka a Killian kudzidzimuka.

Amene anaseka kwambiri anali pageti. Chelsea, nsapato zamasewera zili pakhosi, atatu aja ali kumbuyo kwake.

Ndinatulutsa wezulo wa kochi Stephanie osadziwa kuti ndipereke kwa ndani. Amayi anapukuta manja payunifolomu n'kundilanda.

"Iwe Sekani, ukuyang'ana chiyani? Malo ako ndi pakati apo. Ndikumve."